Njinga Yoti Ndidzakule Nayo

Fungo la sulushoni womatira machubu likandipeza, ngakhale pakati pa msika pa Boma, ndimayamba ndaima, chifukwa limabwera ndi asekulu Mtonga. Ndimawaona ali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Magodi, atakhala pa chitsa, mwendo wakumanja atauwongolera kutsogolo chifukwa sunkapindika bwino, chubu chili m'beseni la madzi akuda, iwo akudikira poti patuluke thovu. Fungo lija linkasakanikirana ndi la girizi, la fodya wouma m'zigafa za anthu, ndi la mtedza umene akazi awo, abuya NyaZimba, ankakazinga pa phale dzuwa likapendeka. Tsiku lonse pamalopo pankamveka kulira kwa masipoko akamawagogoda ndi sipanala, kupuma kwa pampu, ndi mabelu a ng'ombe zopita kudambo.

Sanali agogo anga enieni. Ife tinali obwera, ochokera ku Chipata, ndipo iwo anali Atumbuka a pamudzi pomwepo. Koma mwana aliyense ankawatchula kuti asekulu, ine ndinangotsatira.

Panali zinthu ziwiri zimene zinkatidabwitsa anafe. Choyamba chinali tizingwe ta khonje tolendewera pa misomali imene anakhomera m'thunthu la mango lija, kalikonse kali ndi mfundo zake. Tinkanong'onezana kuti ndi mankhwala oitanira makasitomala. Chachiwiri chinali chakuti munthu ameneyu, amene ankadziwa njinga kuyambira ku belu mpaka ku kaliyala, sitinamuonepo atakwera njinga ngakhale tsiku limodzi. Akamaliza kukonza, ankauza mwini wake kuti apalase mpaka pa mjigo ndi kubwerera, iwo ataima kumbuyo, manja ali m'chiuno, maso atawatsinzinitsa pang'ono. Ankayang'ana munthuyo kuposa njingayo. Ife tinkawaseka mobisa kuti ndi sing'anga woopa mankhwala ake omwe.

Atate anga, a Phiri, anali mlangizi wa zaulimi. Anali munthu wabwino koma wosakonda kuuzidwa, wa cholembera m'thumba la malaya ngakhale pa Sabata. Anali ndi lamulo limodzi losasintha pa zinthu za ana: chilichonse chigulidwe chachikulu. Yunifolomu yanga amayi ankaipinda mpendero kawiri. Nsapato ankandiikiramo thonje kutsogolo kuti zisavuke poyenda. Ukadandaula, yankho linali lomwe lija: «Uzakula nazo.»

Nditakhoza mayeso a Giredi 7 ndinapeza malo pa sekondale yoyendera, kutali ndithu, kupitirira madambo awiri ndi chitunda chimodzi. Sukulu yogonera komweko sinali yotheka kwa ife. Choncho atate anapita ku Boma nabwera ndi njinga yatsopano, yakuda, yachimuna, ya mtanda pakati, mapepala akadali m'madigadi. Anaikwera okha kuchokera pamsewu waukulu, akuliza belu mudzi wonse kuti anthu aone. Chishalo anali atachiika pa msinkhu wawo, ndipo nati yake anaimanga mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka.

«Iyi ni njinga ya Esinati,» anatero pamaso pa aliyense. «Azakula nayo. Ndipo pasapezeke munthu wogwila nati iyi.»

Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, sindingabise. Palibe mtsikana wina pamudzipo amene anali ndi njinga yakeyake.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndinali wamfupi, ndipo ndikakhala pa chishalo, mapazi ankangokhudza mapedulo ndi nsonga za zala. Kuti pedulo ifike pansi ndinkachita kutsetserekera mbali imodzi, kenako kutsetserekera mbali ina, ulendo wonse, m'mawa ndi masana. Pasanathe milungu iwiri kuseri kwa maondo kunayamba kukoka ngati wina wamangako waya. Msana unkawawa, manja ankachita dzanzi chifukwa chofikira mahandulo patali, ndipo ndinatuluka zilonda pamalo amene mwana wamkazi sangatchule pamaso pa atate ake. Pa mchenga wa padambo loyamba ndinkagwa pafupifupi tsiku lililonse, popeza njinga ikaima mwendo sunkafika pansi. Ndinawauza amayi pang'ono chabe, mwamanyazi. Iwo, amene sanakwerepo njinga, anandisisita ndi madzi ofunda nati, «Uzazolowela, mwanangu, njinga ni mmene ilili.»

Sindinazolowere. Ndinayamba kuikankha njira yambiri, ndikumaikwera pokhapokha pamene pali anthu ondiona. Ndinkafika kusukulu belu litalira kale, nkupatsidwa chikwakwa kuti nditchetche udzu anzanga akuphunzira masamu. Chakumapeto kwa mwezi wachiwiri ahedi analembera atate kalata.

Atatewo anaiwerenga ataima pakhonde, tsiku Lachinayi masana, kawiri konse. Atate sankakalipa mokuwa, ndipo ndicho chinkaopsa.

«Anzako ayenda na miyendo, afika nthawi yabwino. Iwe uli na njinga yatsopano, ufika mochedwa. Uwu ni ulesi, kapena pali zina zimene ucita pa njila. Temu ino ikasila zinthu zili telo, njinga nigulitsa, iwe upite kwa atate ako aakazi ku Chipata ukaphunzile kusoka.»

Panali patatsala milungu inayi kuti temu ithe. Sukulu ndinkaifuna ndi mtima wanga wonse, ndipo mawu akuti «zina zimene ucita pa njila» anandipweteka kuposa zilonda. Koma kwathu mwana sankatsutsa atate ake, komanso ine ndemwe ndinali nditayamba kukhulupirira kuti vuto ndine.

Tsiku lotsatira ndikuchokera kusukulu ndinagwanso pamchenga, bondo nkusupuka. Ndinafika pamudzi ndikukankha njinga, misozi ndi fumbi zitapanga matope kumaso. Podutsa pa mango paja ndinamva mawu.

«Monile, mwana wane. Bwela kuno.»

Ndinagwada monga mwa mwambo, njinga nditaitsamiritsa pa mtengo. Asekulu sanayang'ane tcheni, sanapapase matayala. Anandiyang'ana ine, nandifunsa funso limene palibe aliyense anali atandifunsa.

«Cikupweteka ni pati?»

Kenako iwo anayamba kutchula okha, akuloza pa thupi lawo: kuseri kwa bondo, m'munsi mwa msana, m'zikhatho. Pa chilichonse ndinkagwedeza mutu. Atafika pamene sakanatha kutchula, anatsokomola, natembenukira kukhitchini.

«NyaZimba! Mwana uyu ni wako sono.»

Apa mpamene ndinadziwira ntchito ya tizingwe tija. Kalikonse kanali mwendo wa munthu. Asekulu sankalola kuti munthu achoke ndi njinga asanamuyeze kuyambira pamene amakhalira mpaka ku chidendene, ndipo mfundo inali pamene mwendowo wathera. Mayina sankalemba. Ankangodziwa kuti aka nka aphunzitsi, aka nka wogula nkhuku uja, aka nka mkulu wa mpingo. Amuna ankawayeza okha. Koma mwamuna wamkulu sangagwire mwendo wa mkazi wa mwini kapena mwana wa mnzake, choncho akazi onse ankayezedwa ndi abuya kuseri kwa nyumba, asekulu atafulatira pa chitsa chawo, akufuula malangizo kwa anthu amene sakuwaona.

«Avule nsapato! Aimilile mowongoka, atsamile cipupa!»

«Nayamba lelo ine kupima?» abuya anayankha, akukoka chingwe. «Khalani cete, adada, mungatisokoneze.»

Ndinaseka koyamba pa milungu yambiri. Kenako abuya, ali chogwada pamapazi anga, anandifunsa motsitsa mawu za zilonda zija, ndipo ndinalira. Anandiuza kuti asekulu anali atandiona kuyambira tsiku loyamba, ndikupendekera uku ndi uku ngati ndikupeta, ndipo m'mawa uliwonse ankadandaula. Chimene chinkawaletsa ndi mawu aja atate ananena pagulu. Simungagwire katundu wa munthu amene wakuletsani pamaso pa mudzi wonse.

Asekulu anatenga chingwe changa nachiika kuyambira pamwamba pa chishalo mpaka pa pedulo ya pansi. Mfundo inathera m'malere. Pakati pa mfundo ndi pedulo analowetsapo chikhatho chawo chathunthu, chachikulu chija, osakhudza kanthu. Anapukusa mutu, koma nati sanaigwire.

Loweruka m'mawa tinamva «Odi!» pakhomo. Anali asekulu, atavala jekete la kutchalitchi, akutsimphina ndi ndodo, abuya ali pambuyo atanyamula kathumba. Amayi anawayalira mphasa, atate anatulutsa mipando iwiri. Anapatsana moni wautali, anakambirana za mvula ndi za mbozi m'chimanga, ine ndikumvetsera kuseri kwa chitseko. Kenako asekulu anatulutsa chingwe nafotokoza.

Atate anamvetsera mpaka kumapeto, nkumwetulira kumwetulira kwa munthu wa ofesi.

«Asekulu, nayamikila. Koma njinga iyi yacokela ku fakitale. Amene anaipanga anapita ku sukulu. Mwana ni waulesi cabe, azakula nayo.»

«Enya, azakula,» asekulu anavomera mofatsa. «Sono a Phiri, nipemphe cinthu cimodzi. Mwana apelewela cikhatho cimodzi. Lekani nikweze cishalo cikhatho cimodzi pa msinkhu wanu, imwe mucove kufika pa mjigo na kubwelela. Mukabwela makola, ine nipepese, nipite, sinizakambanso.»

Atate sakanakana pamaso pa akazi awo ndi mlendo wamkazi. Pajatu pa mjigo panali pafupi, poti munthu akafuula amamveka. Anatulutsa njinga okha. Nati imene analetsa mudzi wonse inamasulidwa iwo akuyang'ana, ndipo asekulu anaikamo chitsulo chachitali chonyamula chishalo chimene anabwera nacho m'kathumba kaja, ngati kuti ankadziwiratu yankho.

Sindidzaiwala mmene atate anachokera pakhomo paja. Munthu wa ulemu wake, cholembera chili m'thumba, akutsetsereka kumanja ndi kumanzere, zala zakumapazi zikusakasaka mapedulo, njinga ikuyenda njira ya woledzera. Azimayi a pa mjigo anasiya kupopa. Pokhota kuti abwerere analowa mumchenga, anafuna kutsitsa mwendo, pansi panakana kubwera, ndipo anachita kudumpha, njinga nkugwera uko. Azimayi aja anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Atate anabwerera akukankha.

Ndinkaganiza kuti ndikondwa, koma ndinachita mantha. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu amatha kuumitsa mtima kuposa kale, ndipo ndinaona sukulu yanga ikuthera pamchenga paja. Anafika, anatsamiritsa njinga, nakhala pampando akupukuta fumbi pa buluku. Asekulu ankangoyang'ana nkhuku. Patapita nthawi atate anandiitana. Ndinagwada patali pang'ono.

«Esinati. Masiku onsewa unali kuyenda telo? Kupita na kubwela?»

«Inde, atate.»

«Nanga sunakambe bwanji?»

Ndikhulupirira kuti yankho lake iwo analidziwa kale. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Atate anga sanali munthu wopepesa kwa mwana, ndipo tsiku limenelo sanapepese. Anangotembenukira kwa asekulu nati, «Citani zimene mudziwa.»

Ntchitoyo inatenga m'mawa wonse. Anatsitsa chishalo mpaka chinagunda felemu, nachitembenuzira kachitsulo kochigwira kuti chisendere kutsogolo, kufupi ndi mahandulo. Anachiwongola kuti chisaloze kumwamba. Anafewetsa mabuleki kuti zala zanga zazifupi zithe kukoka. Atayezanso ndi chingwe, panatsalabe zala ziwiri. Pamenepo abuya anakhuthula kathumba kaja, ndipo munatuluka timatabwa tinayi ta muwanga, tosemedwa bwino, tiwiri pa pedulo iliyonse, pamwamba ndi pansi, toti timangidwe ndi waya ndi mphira.

Atate anadzuka. «Ah, yayi,» anatero, Chitumbuka chikuwatuluka osadziwa. «Njinga yatsopano, matabwa? Anthu azakamba kuti cani?»

Asekulu sanakweze mutu. Anangotambasula dzanja natenga nsapato yanga ya kusukulu imene inali padzuwa pakhonde, napisamo zala, natulutsa thonje lija, lakuda ndi thukuta.

«Ili munaikamo ndimwe, a Phiri. Nsapato ikakula mumaikamo thonje kuti mwana ayende lelo, osati caka camawa. Aya matabwa ni thonje langa.»

Amayi ndiwo anayamba kuseka, abuya nkulandira, mpaka atate nawo anagonja. Timatabwa tinamangidwa. Asekulu anagwira njinga, ine nkukwera, nandiuza kuti ndiike chidendene pa pedulo ya pansi. Mwendo unawongoka bwinobwino, ine ndili chikhalire pakati pa chishalo. Anandiphunzitsanso kutsika mopendeketsa njinga mbali imodzi chifukwa cha mtanda uja. Kenako anati ndipite pa mjigo. Ndinamva koyamba kuti mphamvu yanga ikupita m'matayala, ndipo ndinadutsa mchenga uja osatsika.

Zilonda zinatenga milungu iwiri kuti zipole, maondo anachedwerapo. Kusukulu anzanga ankanditcha «wa matabwa», dzina limene linandikakamira mpaka ndinamaliza. Sindinasamale. Ndinkafika belu lisanalire, ndipo temu itatha nkhani ya ku Chipata sinatchulidwenso.

Kuyambira pamenepo, sukulu ikamatsegulira, abuya ankandiyeza kuseri kwa nyumba. Mwendo ukatalika ankamanga mfundo yatsopano, ndipo asekulu ankachotsa timatabwa nkutipala pang'ono ndi kasemasema, kuti tichepe monga ine ndakulira. Tsiku lina akupala choncho, ine ndikuwagwirira waya, ndinalimba mtima.

«Asekulu, nanga imwe simucova njinga cifukwa cani?»

Anaika kasemasema pansi napinda buluku mpaka pamwamba pa bondo lakumanja. Linali lotupa, lokhota, ngati mfundo ya mtengo. Anandiuza kuti ali mnyamata ankagwira ntchito kwa mwini sitolo wina, kunyamula nsalu, mchere ndi sopo kupita nazo m'midzi ya ku Mphamba. Iwo anali wamtali, mwini sitoloyo anali wamfupi, ndipo njinga inali imodzi. Bwanayo ankaikwera pa Sabata, choncho analetsa kukweza chishalo. Zaka zambiri anapalasa maondo akufika pafupi ndi mahandulo, katundu ali kumbuyo, bondo likulira, iwo akudziuza kuti mwamuna sadandaula.

«Nati imodzi cabe, mwana wane,» anatero akutsitsa buluku. «Kuzungulutsa katatu. Nikanakhala nikucova mpaka lelo.»

Sanadandaule mopitirira apo. Anatola kasemasema napitiriza kupala.

Chaka changa chomaliza timatabwa tinachotsedwa, ndipo chishalo chinakwera mpaka kufupi ndi kamzere kamene nati ya atate inasiya pachitsulo. Atate ataona, anasisita chibwano monyadira.

«Asekulu, si n'nakamba ine kuti azakula nayo?»

«Munakamba zoona, a Phiri,» anayankha. «Ine n'nafuna cabe kuti pokula afike na maondo ake.»

Asekulu anamwalira ndili ku koleji ya uphunzitsi. Nditapita kukapepesa maliro, ndinapeza abuya atachotsa tizingwe tonse pa mango paja, akupereka kalikonse kwa mwini wake, popeza iwonso ankatidziwa pamtima. Kanga kanali ndi mfundo zinayi. Pakati pa yoyamba ndi yomaliza ndinalowetsapo chikhatho changa, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamanda.

Chaka chatha mphwake wa amuna anga, amene amakhala ku Lusaka, anagula njinga yothamangira, nalipira munthu wodziwa ntchitoyo kuti amuyeze thupi lonse, kumujambula akupalasa ndi kumusinthira chishalo ndi mahandulo. Pabanja anthu anamuseka kuti ndi matama a m'tauni, njinga ungokwera basi. Ine ndekha sindinaseke nawo. Ndinamuuza kuti wachita bwino kuyamba ndi zimenezo asanavulale, ndipo kuti ntchito imeneyo ndinaiona kale pansi pa mango, ikugwiridwa ndi khonje.

Lero ndine mphunzitsi pa sekondale yoyendera kuno ku Lundazi, ndipo makolo sanasinthe: amagulabe zazikulu. Mu Januwale, ana atsopano akamayamba, ndimaima pageti m'mawa nkumawayang'ana kumbuyo akamadutsa, monga ankachitira asekulu. M'chikwama changa, pamodzi ndi choko ndi zolembera zofiira, mumakhala sipanala ndi mpukutu wa khonje. Aphunzitsi anzanga amati ndinalakwa ntchito.

Mwezi wathawu anandibweretsera mtsikana wa chaka choyamba amene anachedwa masiku asanu otsatizana. Chikwakwa chinali kale m'manja mwake, maso ali pansi, bondo lili ndi chilonda chatsopano. Njinga yake yakuda inali itatsamira mpanda, chishalo chili m'mwamba. Ndinamulanda chikwakwa chija nkuchiimika pakhoma, ndipo ndinamutengera kuseri kwa kalasi kumene anyamata sakanatimva.

«Niuze, mwanangu,» ndinatero. «Cikupweteka ni pati?»